Momwe mungaphikire nyama ya njati kuti isalimbe ngati chikoti

Amene mumaonera mavidiyo a zophikaphika pa foni mwaonapo anthu a ku America akuwotcha nyama ya bison: mphindi 4 mbali ino, 4 mbali inayo, n'kuidula m'kati mudakali mofiira. Munthu wa kuno ku Chipata akapeza kilo ya njati yochokera kuchigwa cha Luangwa amayesa zomwezo, mapeto ake ana amatafuna mpaka nsima kuzizira. Bison si njati yathu. Ndi chinyama cha ku North America, cha linunda ndi ubweya wambiri, ndipo imene amagulitsa m'mashopu kumeneko ndi yoweta pafamu, yophedwa isanakalambe. Njati yofika m'poto mwathu kawirikawiri imakhala kakuli, nkhunzi yokalamba imene inapatuka pagulu, chifukwa alenje olipira ndalama amasankha zoterozo. Pofanana pake ndi pamodzi pokha: zonse ziwiri zili ndi mafuta ochepa poyerekeza ndi ng'ombe. Nyama yopanda mafuta, ya chinyama chimene chaponda matope a Luangwa zaka zambirimbiri, imafuna moto wochepa ndi maola ambiri.

Mwaitenga kwa yani?

Izi zisanafike pambaula. Nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015, ndipo amaziyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene analowa m'malo mwa bungwe la ZAWA (Zambia Wildlife Authority) mu 2016. M'kati mwa South Luangwa National Park simusakidwa konse. Nyama yololedwa imachokera kwa mlenje wa laisensi m'madera ozungulira paki monga Lupande, ku famu yoweta nyama zakutchire, kapena ku butchala ya chilolezo chogulitsa nyama yotere. Pemphani kuona pepala, ndipo lisiti muisunge mpaka poto atatsukidwa. Kupezeka ndi nyama yakutchire popanda pepala ndi mlandu, ngakhale munagula ndi ndalama zanu.

Pali aja obwera kukada ndi chikwama, n'kunong'ona kuti ali ndi "ka njati". Nyama ikauma n'kuda ndi utsi yonse imafanana. Mungagule bulu, ng'ombe yofa ndi matenda, kapena nyama yofera mumsampha wa waya imene inagona masiku awiri padzuwa asanaipeze. Mtengo ukatsika kuposa wa ng'ombe ku butchala, dzifunseni chimene akuthamangira kuti ichoke m'manja mwawo. Mu 2011 ku Chama kunafa mvuu zoposa 80 ndi matenda a anthrax, anthu n'kumatola nyamayo. Oposa 500 anadwala ndipo 5 anamwalira. Kuwamba kapena kuyanika sikupha tizilombo ta anthrax, ndipo ambiri amatenga posenda ndi podula, nyama isanafike pamoto. Chinyama chopezeka chitafa chokha sichidyedwa, sichikhudzidwanso.

Kusadza ndi kunyika

Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, tengani khosi, pachifuwa kapena mwendo wakutsogolo. Mbali zimenezi zili ndi mitsempha yambiri, ndipo mitsemphayo ndi imene imasungunuka n'kupanga msuzi wogwira milomo. Ntchafu imaoneka bwino chifukwa ndi mnofu wokhawokha, koma ndiyo imauma msanga.

Ndi mpeni wakuthwa chotsani kachikopa koyera konyezimira kamene kamakuta mnofu. Kameneka pamoto kamakhwinyata n'kupinda nthuli. Chotsaninso paliponse podutsa chipolopolo, pamene pamakhala pakuda ndi magazi oundana. Dulani mopyola pang'ono malire a pakudapo, chifukwa tizidutswa ta mtovu timamwazika m'mbali. Fungo limene anthu amati "la tchire" kwambiri limachokera pamenepa ndi pa mafuta achikasu a nyama yokalamba. Mukapeza timabuma toyera kapena tachikasu m'mapapo kapena m'chiwindi, tayani za m'kati zonse, pakuti njati imatha kudwala TB ya ng'ombe. Wa chilonda m'manja asiyire ena ntchito imeneyi.

Nthuli zikhale zazikulu ngati bokosi la machesi, kudula mopingasa ulusi wa mnofu. Tating'ono timauma tisanafewe.

Pa kilo imodzi, sungunulani masipuni aakulu 2 a mchere ndi 3 a viniga mu lita imodzi ya madzi ozizira, munyike maola 2. Chambiko chimagwiranso ntchito ngati muli ndi filiji yoti nyama igonemo usiku. Mwezi wa Okutobala, magetsi atazima, musanyike nyama pakauntala kuyambira m'mawa. Ola limodzi pamthunzi likwana. Ndipo kunyika kumachotsa magazi basi, nyama yoyamba kuola sikuibweza.

Zoti papaya muwisi amafewetsa nyama ndi zoona, utomoni wake umadula mnofu. Masipuni aakulu 2 a papaya wopala pa kilo, ola limodzi, kenako tsukani. Mukasiya usiku wonse kunja kwa nthuli kumasanduka phala pamene m'kati mudakali molimba. Soda kapena chidulo ndi njira yachidule ya ogulitsa nyama m'mbali mwa msewu. Imafewetsa ndithu, koma msuzi umamveka sopo. Kwa ine ndi kuwononga nyama yodula.

Pukutani nthuli ndi kansalu koyera mpaka ziume. Tenthetsani masipuni aakulu 4 a saladi, mukazinge theka la nyama kaye mpaka ifiirire mbali zonse, muchotse, mukazinge theka linalo. Mukaunjika yonse pamodzi imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. M'mafuta omwewo ikani anyezi 2 akuluakulu, adyo ndi jinja pang'ono, kenako bwezerani nyama.

Moto: apa ndi pamene njati imawonongekera

Thirani madzi otentha, pafupifupi makapu 3, afike m'khosi mwa nyama osaimiza. Mchere sipuni yaing'ono imodzi pakadali pano. Wina mudzawonjezera kumapeto chifukwa msuzi ukamachepa mchere umakula. Ponyanimo fupa la ng'ombe la mafuta m'kati kapena chidutswa cha vimbombo. Sizodula, ndipo zimabweretsa mafuta amene njati ilibe.

Poto akangoyamba kuwira, chotsani theka la makala pambaula. Ambiri sachita izi. Mbaula yodzaza imabwatitsa madzi mwamphamvu, ndipo mnofu ukatenthedwa choncho umafinyika ngati nsalu yochapa, madzi ake onse n'kutuluka. Ng'ombe ya mafuta imabisa cholakwa chimenechi. Njati ilibe chobisira. Chimene mukufuna ndi kuwira kwaulesi, thovu limodzi apa, lina apo, chivindikiro chili duu osagwedera. Makala otsalawo awazeni phulusa pamwamba, kapena ikani timiyala titatu pakati pa mbaula ndi poto kuti atalikire moto. Pa sitovu ya magetsi ndi nambala 1 kapena 2.

Tsopano mverani bwino. Pakatha ola limodzi mukatola nthuli n'kuluma, mupeza kuti yalimba kuposa mmene inalili yaiwisi. Si kuti mwalakwitsa. Mnofu wafinyika kale koma mitsempha sinayambe kusungunuka, ndipo imasungunuka mochedwa, pakati pa ola lachiwiri ndi lachinayi. Pa nthawi imeneyi ndi pamene wophika amataya mtima: amadzaza makala, amakupiza moto, madzi amaphwa, pansi pamapserera, ndiye amathira madzi ozizira a mumgomo, poto n'kuzizira, n'kuyambanso kukupiza. Akazungulira choncho katatu nyama imatuluka ya ulusi, youma m'kamwa ngakhale ikusambira mumsuzi, ndipo palibenso chimene chingaikonze. Mwina kuisinja mumtondo n'kuisakaniza ndi nsinjiro.

Choncho khalani ndi ketulo ya madzi otentha pambali. Makala amene munachotsa aja aikeni pa mbaula ina, ketulo ikhale pamenepo, ndipo mukafuna kuwonjezera moto muzitenga oyaka kale, atatu kapena anayi, osati akuda amene amayamba aziziritsa moto kenako n'kulilima onse pamodzi. Vundukulani pa mphindi 30 zilizonse, osati kawirikawiri. Madzi akatsika kufika theka la nyama, onjezani kapu imodzi ya otentha m'mbali mwa poto. Musavundule ndi mthiko ngati nyemba, ingogwedezani poto. Chivindikiro chikakhala chopindika, ikani mwala pamwamba.

Poto nayenso ali ndi mbali yake. Timapoto topepuka tija totchipa timatentha malo amodzi pansi, ndipo maola atatu sitingapirire popanda kupsereza. Poto wachitsulo wa miyendo itatu kapena mphika wadothi umasunga kutentha mofanana, moti makala ochepa amakwana. Muwerengeretu makala musanayambe. Kuthamangira kukagula ena pa ola lachitatu ndi kumene kumazimitsa moto.

Ya thadzi kapena yaing'ono imafewa pa maola awiri ndi theka. Kakuli amafuna maola 4, nthawi zina kupitirira. Poyesa, lasani nthuli ndi foloko n'kupotoza; ikagawanika yokha yapsa, ikazungulira pamodzi ndi foloko vindikirani. Amene muli ndi pressure cooker, ola limodzi likwana, koma muisiye izizire yokha osatulutsa nthunzi mokakamiza. Ngati ndi chakudya chamasana, moto uyake 8 koloko.

Matimati 4 alowe nyama itayamba kugonja, mphindi 40 zomaliza. Mukawaika poyamba amakhala pansi n'kupserera. Tsabola, mchere wotsala, vundukulani kuti msuzi ugwirane. Ipuleni ikhale mphindi 15 uku mukuphika nsima.

Ikakhala yowamba

Yambiri imabwera youma. Iwauleni pamakala pang'ono, muimenye ndi munsi kuti ulusi umasuke, mutsuke kawiri kuchotsa mchenga ndi mwaye, ndipo muinyike usiku wonse pamalo pozizira. Madzi onyikirawo tayani. Musathire mchere musanalawe, ena amawamba ndi mchere wambiri. Kaphikidwe ndi komwe kaja ka moto wochepa, koma osakazinga poyamba. Ikafewa sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro m'madzi ofunda, thirani, muzivundula mphindi 20 kuti isagwire pansi. Ya nkhungu yobiriwira, ya tiziboo ta tizilombo, kapena yonyowa m'kati ponyema, tayani.

Mukafuna kuyanika nokha: mizere yonenepa ngati chala chachikulu, mchere sipuni yaikulu imodzi ndi theka pa kilo, viniga pang'ono, pamthunzi podutsa mphepo, Juni kapena Julayi. Kulemera kumatsika ndi theka, nchifukwa chake youma imadula.

Zina mwachidule

Nswala ndi mbawala n'zofewa. Mnofu wa pamsana mungauwotche msanga mutaupaka mafuta, miyendo iphikeni ngati njati koma ola limodzi ndi theka. Njiri ndi nguluwe zipse mpaka m'kati, madigiri 71 Celsius kwa amene ali ndi choyezera, chifukwa zimatha kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka timene utsi sutipha. Zimasunganso kachilombo ka chigodola cha nkhumba popanda izo kudwala. Munthu sikamugwira, koma makombo ndi madzi otsukira asapite kukhola. Ng'ona yogulitsidwa mwalamulo ndi ya m'mafamu, monga a ku Kariba. Mchira wake ndi woyera ngati nkhuku ndipo umafuna zosiyana ndi njati: mandimu, adyo, mphindi zochepa mbali iliyonse mpaka m'kati muyere, mukachedwa umasanduka mphira. Mpeni ndi thabwa mutsuke ndi sopo musanadulire matimati.

Za mbewa sindilemba. Abemba akamva kuti wa Kum'mawa akufunsa kaphikidwe ka mbewa pa intaneti, atiseka mpaka chaka chamawa.