Thanga kapena injini, phewa likayamba kudandaula

Anzanga a kuno ku Mtakataka amene imvi zatifika, musanagulitse mbuzi kuti mugule injini ya boti, yambani mwayesa thupi lanu kumtunda konkuno.

Imikani mlongoti nokha, mumange thanga, mulitsitse, katatu. Mukamaliza osagwira msana, thanga likadali lanu. Silidya ndalama, langa ndi matumba a feteleza osokedwa pamodzi. Koma limafuna munthu wofulumira. Mwera ukauka mu Juni kapena Julayi, uyenera kulitsitsa msanga, uku mawondo akukana kudzuka. Mphepo ikati zii, basi, nkhafi ili m'manja mpaka kugombe. Ine zaka 66 izi, kupalasa kotere ndimakumvera m'phewa masiku atatu.

Injini nayonso si mpando wa ndalema ayi. Injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 imalemera pafupifupi makilogalamu 40, ya 40 imapitirira 70. Dzifunseni amene aziinyamula kuchoka kunyumba m'bandakucha. Ngati mulibe mnyamata wodalirika, ya 40 iwalani. Kenako pemphani mnzanu mukoke chingwe cha injini yake itazizira. Phewa likachita tseketseke pa kukoka kwachitatu, mwamva nokha.

Muwerengenso za mafuta. Yanga imafuna lita imodzi ya oilo pa malita 50 a petulo, ndipo usipa ukavuta, petuloyo amadya phindu lonse. Nthawi ya mizere ija pa mafilingi sitesheni, maboti ambiri anangogona pamchenga.

Ine ndinasankha ya 15, koma thanga sindinalitaye, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Tsiku lina ndinagula petulo wam'chigubu kwa wavenda, osadziwa kuti munali madzi. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima, phiri la Dedza likuoneka laling'ono ngati chulu. Ndinapukuta pulagi, kukoka, kukoka, osaliza. Mdzukulu wanga anati, "Agogo, nanga matumba aja?" Tinaimika thanga, mphepo ya vuma yochokera kum'mawa n'kutikankhira kumtunda pang'onopang'ono. Ukanakhala mwera, tikanakatulukira cha ku Chipoka.

Choncho mukagula injini, m'botimo musasowe thanga lopinda, nkhafi ziwiri, pulagi yapadera ndi sipanala yake, chokapira madzi, ndi jekete yoyandamitsa. Jeketeyo muzivala ndithu, osaikhalira ngati mtsamiro monga timachitira ambirife. Petulo wam'chigubu muyambe mwathira pang'ono m'botolo loonekera mkati. Ngati muli madzi, amakhala pansi.