Shedi ya mitengo kapena ya zitsulo: momwe mungasankhire

Yambani ndi ntchito ya shediyo. Chigafa cha fodya wa bale, shedi yosungiramo chimanga ndi khola la ng'ombe sizimangidwa mofanana. M'khola, mkodzo ndi ndowe zimabweretsa dzimbiri msanga, ndiye mtengo wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuola umakhalitsa kuposa chitsulo. Koma ngati mukufuna shedi yotakata yoti ngolo kapena galimoto izilowa popanda mizati pakati, chitsulo ndicho chimatha ntchito imeneyo.

Kenako yendani pamalopo. Mukaona chulu pafupi, dziwani kuti nkhani yonse yagona pa mizati, pamene yakhudzana ndi dothi. Mapaso ndi mitanda ya pamwamba sizivuta kwenikweni.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene shedi yanga yoyamba inathera. Ndinagula mapolo a bulugamu kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, obiriwira bwino, iye akulumbira kuti ndi othiridwa mankhwala. Mvula yachiwiri isanathe, mzati wa pakona unayamba kugwedera. Nditakumba ndinapeza kunsi kwake kuli dothi lokhalokha, chiswe chitamaliza. Mtundu wobiriwirawo unali wongopaka pamwamba. Mankhwala enieni, kaya obiriwira otchedwa CCA kapena akuda otchedwa creosote, amalowetsedwa ndi makina, ndipo mtengowo uyenera kukhala wouma. Choncho musanalipire, sankhani polo limodzi nokha, lochokera pakati pa mulu, mulidule ndi sowo pamaso pa wogulitsayo. Mtundu wa mankhwala uyenera kuoneka utalowa mkati kuzungulira polo lonse. Pakatikati penipeni pa bulugamu salandira mankhwala, ndiye pakakhala poyera musadabwe. Koma ngati mtunduwo wathera pakhungu, siyani. Akakana kuti mudule, pitani kwina. Ndipo pomanga, mbali yomwe mwadula iloze kumwamba, isalowe m'dzenje.

Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto kapena kuwaula kunsi kwa mtengo pamoto. Zimachedwetsako chiswe, koma musazidalire pa shedi yomwe mufoleretse malata.

Zitsulo nazo zili ndi akathyali ake. Mapaipi amabwera otalika mamita 6, koma amasiyana kuchindikala. Wina akupatsani la 1.2mm akunena kuti ndi la 2mm. Pa mizati musatsike pa 2mm, ndipo mupite ndi wowotcherera wanu akayeze yekha. Mtengo wogulira zitsulo umakwera nthawi iliyonse kwacha ikagwa, choncho mukapatsidwa mtengo lero musayembekeze kuupeza womwewo mwezi wamawa. Muwerengerenso ndalama ya wowotcherera, ya jenereta ngati kwanuko kulibe magetsi, ndi penti woteteza ku dzimbiri wotchedwa red oxide. Pentiyo apakidwe chitsulo chisanaimikidwe, makamaka powotcherera.

Ine masiku ano ndimasakaniza: mizati yachitsulo, pamwamba mitengo. Chiswe chimasowa pokwerera mosavuta, ndipo ndalama zimachepa. Wowotcherera amangoika kachitsulo kokhala ndi mabowo pamutu pa mzati uliwonse, mtanda n'kumangidwapo ndi mabawuti.

Maenje akhale osachepera masentimita 60, kuposerapo ngati dothi ndi lamchenga. Ikani miyala pansi, imikani mzati, thirani konkire, pamwamba pake mupendeketse kuti madzi asaime m'tsinde mwa mzati. Dikirani masiku angapo iume.

Tsopano za denga. Mangirirani mapaso ndi waya kapena mabawuti, chifukwa shedi yopanda makoma mphepo ya mvula yoyamba imalowa pansi n'kunyamula denga lonse. Misomali yokha sikwanira.

Alimi a fodya amene muli ndi malo, funsaninso alangizi za zigafa zamoyo, zomwe mizati yake ndi mitengo yodzala m'mizere monga keshya. Zimafuna zaka zingapo kuti mitengoyo ikule, ndiye dzalani dzinja lino uku mukugwiritsa ntchito chigafa chakale.