Momwe mungaphunzitsire mwana kuwerenga pa pepala ndi pa foni, kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji

Makolo ambiri amanyadira akaona mwana wa zaka zisanu akutsegula yekha foni n'kupeza kanema wa zidole. Koma kudinadina kumeneko mwana aliyense amakutha m'masiku ochepa. Chovuta n'chakuti uthenga ukalowa auwerenge, aumvetse, ndipo adzifunse ngati uli woona. Luso limeneli limayambira pa lembo loyamba la ku Sitandade 1, ndipo kholo silingamusiyire mphunzitsi yekha. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi adadzaza moti m'sukulu zina mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi ana opitirira 100. Sangamve mwana aliyense akuwerenga.

Choyamba: maliwu ndi maphatikizo (Sitandade 1 ndi 2)

Apa mpamene pagona nkhani yonse, choncho musathamange. Ndondomeko ya boma ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, imayambira pa maliwu a malembo, ndipo kunyumba tsatirani njira yomweyo kuti mwana asasokonezeke. Mwayi wathu ndi wakuti Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera.

Yambani ndi a, e, i, o, u. Akazigwira, onjezani lembo limodzi, monga m, apange ma, me, mi, mo, mu. Mawa lake t, kenako k. Lembani maphatikizowo ndi khala pa tizidutswa ta katoni, kapena m'kati mwa zitsekerero za mabotolo, muwamwaze pa mphasa. Mwana atole "ma" ndi "ta" ndi "ma", awaike pamzere, awerenge yekha "matama". Asunthe kamodzi, aone kuti mawu asintha. Aphunzitsi amazitcha TALULAR zipangizo zotere, zotola pakhomo pomwepo osagula.

Maphatikizo ovuta abwere pambuyo: nkh, ntch, mph, ng'. Muonetseni kuti "phala" ndi "pala" ndi mawu awiri osiyana, ndipo atchule mokweza mpaka khutu lizolowere.

Chenjerani ndi mwana woloweza. Ana ambiri amalakatula tsamba lonse la buku la kusukulu bwinobwino, maso ali kudenga, kholo n'kumati zikuyenda. Muyeseni chonchi: lozani mawu a pakati pa tsamba, kapena mulembereni mawu amene sali m'bukumo. Akakakamira, bwererani ku maphatikizo popanda kumukalipira. Mphindi 15 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe zimaposa maola awiri a Loweruka lokha.

Chachiwiri: kumvetsa zimene wawerenga (Sitandade 3 ndi 4)

Akamaliza ndime, tsekani buku mumufunse kuti wachita chiyani ndani, n'chifukwa chiyani, nanga iye akanatani. Mabuku akasowa, zowerenga zili ponseponse: thumba la feteleza, buku la kusikelo la mng'ono wake, buku la nyimbo la kutchalitchi, chikwangwani cha pa golosale. Amene muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service (laibulale ya boma yobwereketsa mabuku), kamulembetseni.

Ngati sukulu yake ili m'ndondomeko ya BEFIT, yomwe idayamba mu 2023 ndipo ana amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, muzimufunsa zimene wachita pa tabuletipo, azilembe pa pepala inu mukuona. Tabuleti imathandiza kwambiri, koma dzanja lizolowerenso pensulo, poti mayeso a MANEB adzalemba ndi cholembera.

Chachitatu: foni ya mabatani (Sitandade 5 mpaka 8)

Simufunika foni yapamwamba. Mupatseni ya mabatani yomweyo alembere agogo ake uthenga wa ziganizo zathunthu, wokhala ndi mpumiro ndi chizindikiro cha funso, muuwerenge asanatumize. Popeza pa msinkhu uwu maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, tsiku lina alembe m'Chichewa, tsiku lina m'Chingerezi.

Ndiye pali phunziro limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse. Mauthenga a akuba aja musamawafufute msanga, ndi buku laulere. Ukalowa wakuti "mwapambana mphoto, tumizani ndalama yotsegulira", kapena wakuti "ndatumiza ndalama molakwika, ndibwezereni", muitaneni mwana muuwerengere limodzi. Mufunseni: wachokera pa nambala yanji? Tidalowa mpikisano umenewu? Nanga bwanji akutifulumizitsa? Kenako muonetseni momwe mumaonera ndalama zotsala pa Airtel Money kapena Mpamba, aone yekha kuti palibe chalowa. Adziwe msanga kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani.

Chachinayi: kufufuza ndi kukayikira (sekondale)

Ma CDSS ambiri alibe makompyuta, ena ngakhale magetsi. Mphunzitsi asataye mtima: foni imodzi pa gulu la ophunzira asanu imakwana. Apatseni funso limodzi, monga chimene chimayambitsa kolera, alifufuze pa Google, abwere ndi mayankho ochokera malo awiri osiyana, awafananize ndi zimene zili m'buku la Biology.

Pa nkhani iliyonse ya pa WhatsApp kapena Facebook azidzifunsa kuti walemba ndani, wailemba liti, ndipo kodi nyuzipepala kapena wailesi yodziwika yainenanso. Chithunzi cha madzi osefukira chimene chikuzungulira lero chikhoza kukhala cha namondwe Freddy wa mu 2023, kapena cha dziko lina. Nyengo ya mayeso a JCE ndi MSCE ikafika, pamatulukanso anthu ogulitsa mapepala abodza m'magulu a WhatsApp, ndipo ophunzira amataya ndalama ndi nthawi yowerengera.

Auzeninso mosabisa kuti kunyoza munthu kapena kufalitsa zithunzi zolaula pa intaneti ndi mlandu, malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Atsikana makamaka adziwe kwa munthu wamkulu amene angathamangireko wina akayamba kuwavutitsa pa foni.

Chachisanu: asanalowe ku koleji

Miyezi yodikira zotsatira za MSCE isapite pachabe. Aphunzire kutaipa ndi manja onse awiri, atsegule imelo ya dzina lake lenileni osati la nthabwala, adziwe kulumikiza chikalata ku imelo ndi kusunga ntchito yake malo awiri. Fomu ya bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma adzaze yekha, inu muli pambali.

Akafika ku UNIMA, MUBAS, MZUNI kapena ku koleji ya aphunzitsi, chiyeso chachikulu ndi kukopera ntchito ya ena, ndipo masiku ano pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa ChatGPT imalemba asayimenti yonse m'kanthawi kochepa, nthawi zina n'kupeka ndi mabuku omwe kulibe. Mphunzitsi amuuze wophunzira aike pepala pansi afotokoze ndi pakamwa zimene walemba, ndipo atsegule pamaso pake buku limodzi mwa amene watchula, aloze tsamba pamene padachokera mfundoyo.