Momwe mungaulutsire drone muli m'boti pa nyanja ku Senga Bay

Achinyamata ambiri ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a nyimbo tsopano ali ndi drone, ndipo akafika ku Senga Bay mtima umafuna kukwera boti kuti akajambule chilumba cha Namalenje kuchokera kumwamba. Ndi chilakolako chabwino, nyanja yathu ndi yoyeneradi kuonetsedwa. Koma drone yomwe imakumverani bwinobwino pabwalo la mpira ku Salima boma imasintha khalidwe pamadzi, ndipo choopsa chachikulu ndi batani lomwe mumalidalira kumtunda lija, lolembedwa Return to Home.

Drone ikamanyamuka, GPS imalemba malo amene yanyamukirawo kuti ndiye kwawo. Kumtunda malowo sasuntha. Pa nyanja boti limatengeka ndi mphepo ngakhale injini itazimitsidwa, ndiye pakatha mphindi 10 pamalo paja patsala madzi okhaokha. Rimoti ikasiya kulumikizana nayo, kapena batire likatsika, kandegeko kamabwerera pomwepo n'kutera m'madzi inu mukuona ndi maso. Zonse zili m'munsimu n'zothandiza kuti drone ibwerere m'dzanja la munthu, osati pamalo amene yaloweza.

Yambani ndi chilolezo

Drone si zachilendo m'dziko muno. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula dera loyeserera tindegeti ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Pali malamulo ake, ndiye musanapite kunyanja funsani ku ofesi yoona za maulendo a pandege zimene zikufunika pa drone yanu, makamaka ngati zojambulazo mudzagulitsa.

Ku Salima kuli malo oti musayerekeze n'komwe. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi kampu ya Parachute Battalion zili kumbali ya Senga Bay komweko, ndipo kuulutsa kamera pafupi ndi malo a asilikali n'kudziputira mlandu. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili pansi pa Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, choncho pamafunika chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Chimodzimodzinso nkhalango ya Nkhotakota, yomwe African Parks yakhala ikusamalira kuyambira 2015. Chilumba cha Mbenji chili ndi malamulo ake a makolo pansi pa mfumu yaikulu Makanjira, ndipo chimatsekedwa nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane. Kumeneko mlendo sangofika n'kutulutsa kamera.

Pa doko lililonse kaonekereni kwa amfumu kapena akomiti ya pagombe. Mawu ake ndi ochepa: "Amfumu, tabwera ndi kandege kojambulira, timafuna tijambule madzi ndi chilumba, kodi n'kuti kumene sitiyenera kudutsa?" Adzakulozerani kumanda, kudambwe ndi kumene amayi amasamba. Apa ndikupempheni ndithu. Gombe ndi bafa la mudzi, ndi pochapira, ndi pamene ana amasewera ali chibadwire. Mayi amene akusamba sangadziwe ngati kamera yanu yaloza kwa iye kapena ayi, amangomva phokoso pamutu pake n'kuchita manyazi pakwawo pomwe. Pitani kutali ndi gombe musanayatse kamera.

Werengani mphepo

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera, ndipo umatha masiku angapo osapuma. Asodzi enieni amakoka maboti awo kumtunda masiku oterowo, inunso khalani pansi. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndipo chimvula chimatha kukupezani pakati pa nyanja mosayembekezera. Nthawi yabwino kawirikawiri ndi m'mamawa dzuwa likangotuluka, madzi akadali bata, kuwala kwakenso n'kofewa.

Tindege ting'onoting'ono tambiri ta DJI Mini, tolemera mosapitirira magalamu 249, tidapangidwa kuti tipirire mphepo ya mamita 10.7 pa sekondi, pafupifupi makilomita 38 pa ola. Musadalire nambala imeneyi mpaka kumapeto, chifukwa mphepo ya kumwamba imaposa imene mukuimva pankhope m'boti. Mukaona mafunde ayamba kuchita thovu loyera pamwamba, tsiku limenelo latha. Funsaninso woyendetsa boti, iye amadziwa za mphepo ya masana kuposa foni yanu.

Mukaona chinthu chonga utsi wa lupsa chikukwera pamadzi, imeneyo ndi nkhungu. Musalowetsemo drone pofuna chithunzi chapafupi. Tizilomboto timamatirira pagalasi la kamera ndi m'mamota. Ijambuleni muli patali, imakongola bwino choncho.

Zokonzera pamchenga

Zonse zofuna bata muzichitire kumtunda. Ngati drone ikupempha kuti mukonze kampasi, konzerani pamchenga, kutali ndi galimoto ndi zitsulo. M'boti muli injini, nangula ndi misomali, ndipo zitsulo zimasokoneza kampasi. Tsitsiranitu mapu a deralo m'foni muli pomwe pali netiweki. Drone siifuna intaneti kuti iuluke, koma mapu adzakuthandizani mukasokonezeka.

Kenako lowani mbali ya Safety mu pulogalamu ya DJI Fly, kapena yofanana nayo ngati drone yanu ndi ya kampani ina. Pa Signal Lost sankhani Hover m'malo mwa Return to Home, kuti rimoti ikaduka drone iime pomwe ili, inu muitsatire ndi boti mpaka zilumikizanenso. Chotsani malire a mtunda, chifukwa amawerengedwa kuchokera pomwe idanyamukira, ndipo boti likatengeka kwambiri drone imatha kukana kukufikani ngati yagunda malirewo. Dziwaninso pomwe pali Update Home Point, posinthira Home Point (malo amene drone yalemba kuti ndiye kwawo), mpaka chala chizolowere kupapeza msanga.

Ngati mukujambula pafupi ndi gombe, pali njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse: sunthani Home Point pa mapu muiike pamchenga poyera, popanda mitengo kapena mathandala oyanikapo usipa, ndipo musiyepo mnzanu. Mukatero mutha kusiya Return to Home momwe ilili, zikavuta drone ikatera pouma.

Chomaliza cha kumtunda ndicho chachikulu. Phunzirani kunyamutsa drone kuchokera padzanja ndi kuigwira ili m'malere. Yesererani kunyumba ndi munthu yemweyo amene adzaigwire pa nyanja, mobwerezabwereza, mpaka mantha a timapiko amuthere. Ngati simunazolowere zimenezi, musakwere nayo boti.

Boti ndi anthu ake

Bwato wogoba sungathandize, umagwedezeka kwambiri ndipo munthu sangaimirire. Pezani boti lamatabwa kapena la alendo lokhala ndi malo oyera kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati lili ndi denga, muzigwirira ntchito kunja kwa dengalo. Pamafunika anthu atatu: woyendetsa boti, woulutsa, ndi wogwira amene maso ake sachoka pa drone. Onse avale majekete oyandamitsa. Wogwirayo avalenso gulovesi yokhuthala ndi magalasi.

Gwirizanani ndi woyendetsa musananyamuke pa doko: "Achimwene, ndikati imani muzimitse injini, ndikati tiyeni muyende pang'onopang'ono kumene ndikulozereni." Muwalipirire ndi nthawi yodikira yomwe, asamakufulumizitseni drone ili kumwamba.

Mabatire muwaike m'chidebe chovundikira, pamthunzi. Kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala si kwamasewera, ndipo tindegeti malire ake ndi madigiri 40. Foni nayo ikatentha imadzithimitsa kuwala, ndiye muziiphimba ndi chipewa kapena chitenje. Rimoti muikolowekere chingwe m'khosi.

Kunyamutsa

Injini izime, nangula aponyedwe ngati pali posaya. Yatsani drone muiike pamalo athyathyathya, chifukwa imafuna kukhazikika kwa kanthawi kuti idzikonze. Ikadandaula kuti ikugwedezeka, dikirani mafunde adutse muyesenso. Musanyamutse isanakuuzeni kuti GPS yakwanira.

Wogwira aime kumbali kumene mphepo ikuchokera, dzanja m'mwamba kupitirira mutu, drone ataigwira chapansi pamimba, kamera italoza kunja. Chifukwa chake n'chakuti drone ikangochoka padzanja imakakamira pamalo amodzi pomwe boti likutengeka ndi mphepo. Mukainyamutsira kumbali inayo, botilo lidzadutsa pansi pake, ndipo denga kapena mutu wa munthu udzakumana ndi timapiko. Yatsani mamota, kankhani kandodo ka kumanzere m'mwamba motsimikiza, mukwere mamita 10 nthawi yomweyo. Osaiyandamitsa pafupi ndi boti.

Ili kumwamba

Yambani ulendo molimbana ndi mphepo kuti pobwera, batire litatopa, mphepo izikuthandizani. Amene amayamba motsatira mphepo amasangalala ndi liwiro popita, pobwerera n'kupeza drone ikungoima m'malere batire likutha. Zikatero tsikani pansi pang'ono pomwe mphepo ndi yofooka, ikani Sport kuti iuluke ndi liwiro lalikulu, ndipo boti lipite kukakumana nayo.

Mphindi zingapo zilizonse sinthani Home Point ikhale pomwe pali rimoti, pokhapokha ngati mudaiika pagombe. Musatsike kwambiri pamadzi. Timaso ta pansi pa drone timayeza kutalika poona nthaka, koma madzi onyezimira ndi oyenda amatinamiza, ndipo drone imatha kumatsika yokha pang'onopang'ono. Mamita 5 kupita m'mwamba ndi pabwino. Zithunzi zokwangula madzi zija zisiyeni kaye.

Kuzilumba kuli nkhwazi, ndipo sizikondwera ndi mlendo pafupi ndi zisa zake. Ikayamba kuzungulira, kwerani molunjika m'mwamba mwachangu kenako muchoke, chifukwa nkhwazi imamenya kuchokera pamwamba. Musaithamangitse kuti mujambule, ndi kwawo kumeneko. Asodzi a chilimira akamakoka khoka, jambulani muli pamwamba ndithu, ndipo ndi bwino kuwapempha pa doko. Mukabwerera aonetseni pa foni, ambiri sadaonepo ntchito yawo kuchokera kumwamba.

Pabokosi amalemba kuti batire limatha mphindi zoposa 30. Pa nyanja werengerani theka. Likafika pa 40 peresenti yambani kubwerera, chifukwa kugwira kumatha kukanika kawiri katatu. Drone ikayamba yokha kubwerera chifukwa cha batire, iletseni msanga muiyendetse nokha. Koma likatsikitsitsa imayamba kutera pomwe ili, ndipo pamenepo mumakhala mulibe mphamvu zambiri.

Kuigwira

Apa m'pamene mtima umagunda. Tsopano wogwira aime kumbali kumene mphepo ikulowera, kuti boti lizitengekera kwa drone pang'onopang'ono. Ena onse akhale pansi. Itembenuzeni drone kamera iloze kunja, ibwere chambuyo, kuti mukakankha kandodo kumanja nayo ipite kumanja kwanu. Itsitseni ifike pamwamba pang'ono pa mutu wa wogwirayo, osati pamaso pake.

Dzanja likafika pansi pake drone imakonda kukwera, chifukwa imaona ngati yakumana ndi chopinga. Wogwira asaithamangire kapena kudumpha, aime miyendo yotangadza, adikire funde limukweze, aigwire pamimba ndi chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, zala zonse zili pansi pa timapiko. Akangoigwira anene mokweza kuti "ndagwira", inu mukokere kandodo ka kumanzere pansi penipeni osasiya mpaka mamota azime. Idzalimbana naye kwa masekondi angapo, dzanja lisagwedere ndipo asaitsitse kufupi ndi nkhope. Zikakanika, kwerani, pumani, yambiraninso. N'chifukwa chake mudasunga batire lija.

Ikagwa m'madzi

Musadumphe kuitsatira. Drone yaing'ono imamira msanga, ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua kuli ng'ona ndi mvuu. Ena amamangirira zoyandamitsa kumiyendo. Zimathandiza kuti muitole, koma zimailemeretsa ndi kuikoka pamphepo, ndiye muziyesere kumtunda kaye.

Mukaivuula, chotsani batire nthawi yomweyo ndipo musaiyatse kuti muone ngati ikugwira ntchito, kuyatsako ndi kumene kumaotcha zam'kati. Mwayi wathu ndi wakuti nyanja ya Malawi ilibe mchere. Chotsani memori khadi, kawirikawiri imapulumuka ndi zithunzi zake. Tsukuluzani mchenga ndi madzi oyera, yanikani pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo, kenako mupite nayo kwa wokonza aitsegule ndi kuipukuta m'kati. Batire lomwe lamira musalitchajenso. Liikeni panja pa dothi kutali ndi nyumba ndi ana, chifukwa likafufuma limatha kuyaka.