Mmene Mungagulire ndi Kuyendera mu Dar es Salaam Musakudziwa Chiswahili

Mukafika kumsika wa Kariakoo kukaoda katundu, yambani ndi moni, chifukwa kufunsa mtengo musanapereke moni kumaoneka ngati mwano. Pokambirana mtengo, mupatseni wogulitsayo foni yanu kuti alembe yekha manambala, popeza mashilingi amawerengedwa m'masauzande ndipo khutu losazolowera limasokonezeka msanga. Ngati dzina la chinthu simukulidziwa, onetsani chithunzi chake.

Pa daladala (minibasi ya kumeneko), werengani malo amene ikupita olembedwa kutsogolo. Pa bajaji (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu), gwirizanani mtengo musanakwere.

Chofunika kusamala kwambiri ndi nthawi. Pa Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa m'bandakucha, moti 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba, komanso Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi. Choncho pogula tikiti ya basi, pemphani kuti akulozereni pa wotchi nthawi yonyamukira.