Thamangani lero, mawa mupumule

Kuthamanga ndi njira yotchipa yopewera BP, shuga ndi matenda a mtima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti pa sabata azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 ngati ali opepukirapo monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 ngati ali amphamvu monga kuthamanga. Ndiye kuti mphindi 25 katatu pa sabata zakwana. Mtima umazolowera kupopa magazi ambiri osavutika, minofu imayamwa shuga wa m'magazi mosavuta, tulo natonso timabwera bwino.

Komabe ambiri amayamba ndi moto n'kusiya mwezi usanathe, ndipo nthawi zambiri si ulesi ayi. Mtima ndi mapapo zimazolowera pa masabata ochepa, pamene mafupa ndi misempha yolumikiza minofu ku mafupa zimafuna miyezi. Munthu akaona kuti wefuwefu uja watha, amawonjezera mtunda n'kuyamba kuthamanga tsiku lililonse. Posakhalitsa msongolo, bondo kapena kuseri kwa chidendene kwayamba kuwawa. Pothamanga minofu imang'ambika ting'onoting'ono, ndipo thupi limaikonza n'kuilimbitsa mukamapuma, makamaka m'tulo. Mukalimana mpata umenewu mukungowonjezera mabala pa mabala.

Ngati mukungoyamba, sankhani masiku atatu otalikirana, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Yendani kaye mphindi zisanu kuti thupi litenthe, kenako thamangani mphindi imodzi n'kuyenda mphindi ziwiri, kubwereza kasanu ndi katatu. Liwiro loyenera ndi loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu mukuthamanga. Sabata iliyonse wonjezerani pang'ono nthawi yothamanga, koma musawonjezere nthawi ndi liwiro pamodzi. Tsiku lopuma mutha kuyenda kapena kupalasa njinga pang'ono. Dziwaninso kuti tsiku lomwe mwakhala kumunda ndi khasu si tsiku lopuma.

Muzisiyanitsa kuwawa. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba mbali zonse ziwiri, komwe kumayamba mawa lake, kukula pa tsiku lachiwiri n'kumachepa mukamayendayenda, n'kwachibadwa. Koma ululu wa malo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, makamaka pafupa, womakula mukamathamanga kapena wokutsimphinitsani, ndi chizindikiro choti muime. Fupa likhoza kukhala litayamba mng'alu. Ululuwo ukapitirira sabata mukupuma, pitani kuchipatala. Ena amamwa bulufeni kuti athamange ululu ulipo. Kumeneko n'kuphimba vuto, ndipo mankhwalawa amatha kuvulaza impso thupi likakhala lopanda madzi okwanira.

Chakudya cha pambuyo pothamanga sichifuna za m'masitolo. Pasanathe maola awiri idyani chobwezera mphamvu pamodzi ndi chomanga thupi: phala lothira nsinjiro, mbatata ndi mazira, nsima ya nyemba kapena ya usipa. Madzi muziyeza poona mkodzo. Ukakhala wachikasu choderako, simunamwe okwanira. Mowa sulowa m'malo mwa madzi, umasokonezanso tulo, pamene munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9.

Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, thamangani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, musathamange konse. Mukadwala malungo malizani mankhwala, dikirani mphamvu zibwerere chifukwa magazi amatha kuchepa, ndipo yambiraninso ndi theka la mtunda wanu wakale. Amene muli kale ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, kambiranani ndi adokotala musanayambe. Mukamva chifuwa kuthina, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka muli pamsewu, imani pomwepo ndipo mukapimitse tsiku lomwelo.