Momwe mungapezere Powerman, komiki ya ngwazi yakuda ya mu 1975, ndi kuiwerenga bwino

Anyamata ndi atsikana ambiri ojambula kuno ku Chipata amadziwa Spider-Man na Black Panther, koma ukawafunsa za Powerman amangokuyang'ana. Iyi inali komiki yomwe inkagulitsidwa ku Nigeria kuyambira 1975 mpaka 1977, zaka ziwiri chabe basi n'kutha, koma ine ndimati aliyense amene amagwira pensulo kuno ayenera kuiona. Ndiye tiyeni ndikuuzeni poyambira.

Choyamba dziwani chomwe mukufuna, chifukwa mukangolemba Powerman pa Google muzasokonezeka. A Marvel ali ndi Power Man wawo, Luke Cage uja anayamba mu 1972, ndipo ndi amene azadzaza foni yanu. Wathuyu lembani kuti Powerman Nigeria 1975, muonjezere dzina la Dave Gibbons kapena Brian Bolland, awa ndi azungu a ku Britain amene ankajambula mosinthana, uyu kope lino winayo kope lotsatira, pakuti komikiyo inkatuluka pa masabata awiri alionse. Nkhani ankalemba Don Avenall ndi Norman Worker. Maganizo oyambitsa anachokera kwa mkulu wina wa kampani ya zotsatsa malonda ku Nigeria, amene anaona kuti makomiki onse ofika kumeneko ngwazi zake ndi azungu okhaokha, ndiye anapita ku kampani ya Bardon Press Features ku Britain kuti ampangire ngwazi yakuda.

Manje za kupeza. Makope enieni a ku Nigeria aja musavutike nawo, ndi osowa kwambiri, pepala la nthawi imeneyo silinali lolimba ndipo ana ankawerenga mpaka kung'ambika. Chomwe chimapezeka ndi za kampani ya ku America ya Eclipse Comics, yomwe mu 1988 inasindikizanso zina mwa nkhanizo m'makope 4 pa dzina lakuti Power Comics, ndipo ngwaziyo anaisintha dzina kukhala Powerbolt. Ndiye fufuzaninso maina awiriwa. Ngati muli ndi m'bale ku UK kapena ku America muuzeni ayang'ane pa eBay kapena m'mashopu ogulitsa makomiki akale, azabwera nayo akamabwera ku tchuthi, kutumiza pa positi nthawi zambiri kumadula kuposa komiki yeniyeniyo. Ngati mulibe, masamba ena anthu anawaika pa intaneti, dikirani mukakhala pa wifi kapena mwagula bando ya usiku muwasunge m'foni, kenako pitani pa shopu ya fotokope ku Down Shops akusindikizireni pa A4. Musawerengere pa foni chabe ayi, mizere ya inki imafuna kuiona pa pepala.

Kuwerenga kwake ndiye nkhani yaikulu. Ulendo woyamba werengani ngati mwana, osaganiza zambiri. Powerman ndi wamphamvu zoopsa, amauluka, ndipo chomufooketsa chake ndi kulumidwa ndi njoka. Ichi ine chimandisangalatsa zoona, chifukwa Superman amaopa mwala wochokera kudziko lina womwe palibe anauonapo, pomwe njoka aliyense wa ku Katete kapena ku Lundazi amene anapalirapo chimanga amaidziwa mantha ake, mwana sangafunse kuti n'chiyani.

Ulendo wachiwiri yang'anani timabokosi ta zithunzi. Muzaona kuti tili ndi manambala, 1, 2, 3, chifukwa eni ake ankaganiza kuti owerenga a mu Africa sazadziwa kuti achoke pati apite pati. Zimapweteka mtima kuziona, ngati kuti anthu amene anakulira pa nthano sangatsate nkhani, koma musatseke buku, tengani kapepala muphimbe manambalawo muone ngati diso lanu likusochera. Silisochera, pakuti ojambulawo ankadziwa kukoka diso, munthu akaloza dzanja kumanja inunso mumapita kumanja, mawu ali m'kabaluni amakutsitsirani pa bokosi lapansi. Phunziro lake ndi limenelo, tsamba lojambulidwa bwino limatsogolera lokha.

Kachitatu yesani kusiyanitsa manja a anthu awiriwa osaona dzina. Bolland mizere yake ndi yosalala, yochuluka, nkhope amazikhalira pansi ndipo ankadziwika kuti ndi wochedwa pa ntchito, Gibbons ndi wachangu, thupi la munthu amaliimika molimba ndipo tsamba lake ndi la dongosolo. Apa mpamene komiki yaing'onoyi imalowa m'mbiri. Onse awiri anali anyamata ongoyamba kumene, Powerman ndiye anali sukulu yawo, tsamba pa tsamba mwezi ndi mwezi, ndipo mu 1977 magazini ya 2000 AD itayamba ku Britain onse analowa kumeneko, Bolland n'kutchuka pojambula nkhani za wapolisi wotchedwa Judge Dredd. Kenako Gibbons anajambula Watchmen ndi Alan Moore mu 1986 ndi 1987, Bolland anajambula The Killing Joke ya Batman mu 1988. Mukapeza tsamba la Watchmen liikeni pambali pa la Powerman lojambulidwa ndi Gibbons, muzaona dzanja lomwelo litakula.

Musaiwerenge yokha. Zaka zomwezo ku South Africa kunali Mighty Man wa Afri-Comics, ngwazi yakuda yolimbana ndi zigawenga za m'makomboni, koma ndalama zake zinkachokera mobisa ku boma la tsankho, ndiye ngwaziyo inkathamangitsa akuba osakhudza ngakhale pang'ono apolisi ndi malamulo opondereza anthu. Ana asukulu a ku Soweto ataukira mu 1976 komikiyo siinakhalitse. Mukawerenga ziwirizi pamodzi muzayamba kufunsa funso loyenera pa komiki iliyonse, kuti analipira ndani, anajambula ndani, ndipo amafuna mwana wowerengayo aganize chani. Pa Powerman cholinga chinali chabwino, koma ojambula anali kutali ndi Lagos, ndiye yang'anani nyumba, zovala, misika ndi nkhope za anthu a kumbuyo, mudzifunse ngati munthu wa pamenepo akanajambula choncho.

Mukaipeza yeniyeni isungeni bwino abale. Kuno mvula ikayamba mu Novembala chinyontho chimalowa paliponse, mawaya omangira pakati aja amachita dzimbiri n'kudya pepala, chiswe nacho sichichedwa. Ikani m'pulasitiki youma, kumbuyo muikeko kakatoni kuti isapindike, igone pamalo okwera osati pansi pa bedi kapena pafupi ndi khoma, ndipo pong'ambika musamatepo selotepu chifukwa pakapita nthawi imasiya chikasu chosachoka. Anzanu akafuna kubwereka apatseni fotokope.

Chomaliza ndi cha inu ojambula. Sankhani tsamba limodzi la Powerman, mulikopere lonse ndi pensulo kuti dzanja limve momwe timabokosi tinaikidwira, kenako jambulaninso tsamba lomwelo koma zonse zichitikire pano, msika ukhale wa Kapata, mapiri athu aoneke kumbuyo, anyamata a njinga zonyamula anthu adutse, mayi wogulitsa vitumbuwa akuwe m'chinyanja chathu chomwechi. Musayambe ndi nkhani ya makope makumi asanu, pangani masamba asanu ndi atatu, ndiwo mapepala awiri a A4 opinda pakati ojambula mbali zonse, muchite fotokope makope ochepa mupatse ana a pa sukulu yapafupi, mukhale pambali muone pamene akuseka ndi pamene akubwerera m'mbuyo chifukwa asochera. Pomwe asocherapo ndi pomwe mukonze musanayambe kope lachiwiri.